Mabuku a mageisha: bwanji woipa amangokhala mkazi mnzake?

Nachisale:
Abale apagulu ndili ndi funso likundivuta mutu. Mabuku a nkhani zopeka za mageisha aku Japan aja, akazi osangalatsa alendo ndi kuvina ndi kuimba, makamaka ofotokoza za zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ndawerengako angapo ndipo ndikuona ngati onse amayenda njira imodzi. Kamtsikana kosauka kachoka kumudzi, kagulitsidwa ku nyumba ya mageisha, kapezako mkazi wokongola koma wankhanza amene amakazunza usana ndi usiku, kenako mtima wake wapita kwa bambo wina wolemera amene sikangamupeze. Chikundipweteka nchakuti wochita chiwembu nthawi zonse amakhala mkazi mnzake. Bambo amene akutulutsa ndalama zogulira mwana wa eni uja amafika kumapeto kwa buku ali munthu wabwino, mwinanso ndiye mpulumutsi. Kodi zinalidi choncho kapena olembawo amangofuna buku liyende malonda?

Mai a Mapasa:
Aaa asisi musatiwonongere mabuku athu, ife timawerengera chikondi chomwecho. Mtima suvala nsanza, mwana wosauka naye ali ndi ufulu wokonda bwana.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwafunsa bwino mayi Nachisale. Ine ndiyambire pa ndalama chifukwa tikalumpha pamenepo nsanje mukunenayo siyimveka. Nyumba yomwe atsikanawa amakhala amaitcha okiya, mwini wake amakhala mzimayi ndipo onse amamuitana kuti mayi ngakhale sanawabale. Tsiku lomwe mwana walowa pakhomo paja, ndalama zomwe makolo ake alandira zimalembedwa m'kaundula ngati ngongole yoti mwanayo adzabweze ndi thukuta lake. Kuyambira pamenepo mpunga womwe wadya ukulembedwa, fizi ya kusukulu yovina ikulembedwa, akadwala dokotala nkubwera ikulembedwa, akaswa mbale kapena kudetsa kimono ya mkulu wake, chovala chachitali cha ku Japan chija, ikulembedwanso. Kimono za silika zija mtengo wake unali woopsa ndipo imodzi simakwana ayi chifukwa nyengo iliyonse ili ndi mitundu ndi maluwa ake, sungavale ya dzinja m'chilimwe anthu osakuseka. Zili ngati katapila amene iwe sunakatenge koma dzina lolembedwa ndi lako ndipo akukula tsiku ndi tsiku. Nde taganizani atsikana anayi m'nyumba imodzi, aliyense wasenza ngongole yake, makasitomala olemera ndi ochepa omwewo, komanso wodzalowa m'malo mwa mayi wa nyumba uja ndi mmodzi yekha amene amutenga ngati mwana wake. Wosankhidwayo nyumba ndi kimono zonse zidzakhala zake, otsalawo adzakalamba akuyang'ana kwina. Mukawaika anthu pamalo otero musadabwe akayamba kudyana. Nsanje inalipo ndithu, koma amene anaikonza ndi wosunga kaundula uja ndi abambo obweretsa ndalama.

Nachisale:
Eya aphunzitsi, mwandilankhulira. Nde bwanji olemba samaloza chala pa kaundulayo?

Kalulu wa Mabuku:
Amalozako koma mothamanga, chifukwa kaundula sakoma kuwerenga ngati mkazi wokongola akuthira mnzake mabodza. Tiyeni tisazungulire, buku lomwe ambiri pano tikuliganizira ndi Memoirs of a Geisha la Arthur Golden lomwe linatuluka mu 1997, filimu yake 2005. M'menemo aliyense amakumbukira Hatsumomo, geisha wokongola wozunza Sayuri mwini nkhani, kuti ndiye mfiti. Koma taonani Pumpkin, mnzake wa Sayuri amene anakulira naye limodzi akukolopa ndi kutumidwa. Iyeyu ndi amene amayembekezera kutengedwa kukhala mwana wa nyumba, kenako mayi aja ataona kuti ndalama zambiri zili mwa Sayuri anangotembenuka nkutenga Sayuri, Pumpkin nkutsala pa mtetete. Patapita zaka ndi pomwe anabweza, pa tsiku lomwe mnzakeyo anamudalira. Ine nditafika pamenepo sindinakwanitse kumuda, ndinangoona munthu amene analandidwa tsogolo lake masana dzuwa likuswa mtengo ndipo palibe anamupepesa.

Mai a Mapasa:
Koma anaonjeza achimwene. Mnzako ndi mnzako basi, si Sayuri amene anadzisankha.

Kalulu wa Mabuku:
Zoona sanadzisankhe, koma sanakanenso. Ndipo Sayuri yemweyo zomwe anamuchita Nobu bwanji, bambo amene anamuthandiza nthawi ya nkhondo? Chifukwa ndi iye akutifotokozera nkhani timangomukhululukira.

NaJere:
Pepani ndalowa mochedwa, ndifunse mosabisa poti ena akuopa kufunsa. Anthuwa anali mahule kapena ayi? Chifukwa amuna anga anaona chikuto cha buku nkunena kuti ukuwerenga za mahule aku Japan, ndinasowa choyankha.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi NaJere yankho lake silalifupi koma ndiyesa. Ntchito yawo yolembetsedwa inali kuvina, kuimba, kuimba shamisen, chija chokhala ngati kagitala ka nsambo zitatu, kuthira mowa wa mpunga wotchedwa sake ndi kucheza ndi alendo pa maphwando. Akazi ogulitsa thupi analipo padera, ndi malo awo ndi ziphaso zawo, ndipo kalelo malamulo amaletsa geisha kulanda makasitomala a akazi amenewo. Mwinanso mudabwa kumva kuti oyamba kugwira ntchitoyi anali amuna osangalatsa alendo, akazi anayamba kulowamo cha m'ma 1750 ku Edo, komwe lero ndi Tokyo. Koma ndikanati zonse zinali zoyera ndikanakunamizani. Panali dongosolo la danna, bambo wolemera, nthawi zambiri wapabanja, amene amalipira zovala, maphunziro ndi ngongole za geisha mmodzi ndipo aliyense amadziwa kuti ubale wawo sumathera pa kuvina. Komanso geisha wa ku Gion ku Kyoto amene amavinira nduna za boma ndi geisha wa m'katauni ka akasupe otentha kumapiri anali pa moyo wosiyana kutalitali ngakhale dzina la ntchito linali limodzi. M'zaka za m'ma 1920 analipo pafupifupi 80,000 m'dziko lonse, nde anthu ochuluka chonchi simungawaike m'thumba limodzi. Chinasokonezanso zinthu ndi nthawi ya asilikali aku America nkhondo itatha mu 1945, akazi ena ofuna ndalama amavala kimono nkumadzitcha mageisha, asilikaliwo nkupita nayo mbiri imeneyo kwawo.

NaJere:
Zikomo aphunzitsi, nde ndikawauze kuti zimatengera anali kuti komanso nthawi yanji.

Chemwali wa Kunyanja:
Ine chimene chimandigwira m'mabukuwa si chikondi ayi, ndi timoyo ta tsiku ndi tsiku. Tsitsi lokha lija abale. Maiko, uja akuphunzira ntchito, tsitsi limakhala lake lenileni osati wigi, amakalikonzetsa mwina kamodzi pa sabata akulikoka ndi phula ndi zitsulo zotentha, nde kuti lisaphwasuke sagonera pilo ngati ife, amatsamiritsa khosi pa kamtengo kokwera kokhala ndi kakhushoni pamwamba, mutu uli m'malere usiku onse. Ena amatsala ndi kadazi pakati pa mutu chifukwa chokokedwa zaka zambiri malo amodzi. Kumaso amayamba apaka phula kenako ufa woyera uja, ndipo kale ufawo umakhala ndi mtovu womwe umawononga khungu ndi kudwalitsa. Kumbuyo kwa khosi amasiya timizere tiwiri tosapaka, pa masiku akuluakulu titatu. Lamba wa maiko uja, obi, ndi wautali mamita pafupifupi 6 ndipo ndi wolemera moti samanga yekha, pamabwera bambo amene ntchito yake ndi yomanga basi, amakoka ndi mphamvu zake zonse mtsikana atagwira mzati. Kenako akwere nsapato zamatabwa zazitali zija ayende mumsewu akumwetulira ngati palibe chikumupweteka. Wolemba akandionetsa zimenezi ndimamukhulupirira, akangothamangira kwa bwana wa maso achifundo ndimatseka buku.

Mai a Mapasa:
Zogona khosi pa mtengozo ine ayi ndithu, mwana wanga sindingalole.

Chemwali wa Kunyanja:
Ndipo nthawi yawo imayezedwa ndi kamtengo ka lubani. Akafika ku nyumba ya tiyi komwe kuli phwando amayatsa kamodzi, kakatha ayatsa kena, bilu nkuwerengera timitengo tomwe tapsa. Nde mundiuze asisi, bambo akukuuza kuti ndimakukonda uku kalubani kakupsa ndipo ndalama yake ikupita kwa mayi wa nyumba, ungadziwe bwanji kuti akunena zoona? Ndipo iyenso angadziwe bwanji kuti kuseka kwako nkochokera pansi pa mtima? Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti pali nkhani yeniyeni ya chikondi, anthu awiri amene sangathe kutsimikizirana ngakhale atafuna.

Nachisale:
Chemwali pamenepo mwandikhudza. Sindinaganizepo za mbali ya mwamunayo.

Kalulu wa Mabuku:
Funso lanu loyamba lija mayi Nachisale lili ndi yankho lina, werengani zomwe analemba eni dziko. Nagai Kafu analemba buku lomwe pa Chingerezi analitcha Rivalry, linayamba kutuluka mu 1916, nkhani yake ili ku Shimbashi ku Tokyo. Iyeyu amawadziwa malowa mkati ndi kunja ndipo anakwatirapo geisha. M'bukumo Komayo ali ndi danna wake koma mtima wake uli pa mnyamata wosewera zisudzo za kabuki. Danna uja atadziwa sanakalipe, anangotenga ndalama zake nkukawombola geisha wina wa m'nyumba yomweyo kuti Komayo achite manyazi dera lonse likuona. Wa kabuki uja nayenso anamusiya nkutsata mkazi wobwera ndi chuma. Nde mukuona, akazi akupikisana ndithu koma oyendetsa masewerawo ndi amuna awiri, mmodzi ndi chikwama wina ndi nkhope, ndipo wolemba sakuwabisa. Palibe bwana wachikondi womupulumutsa m'menemo.

Mai a Mapasa:
Nde buku lopanda chimwemwe ndiliwerengerenji? Moyo ndi wovuta kale achimwene, munthu ukaweruka ukufuna kankhani kokupumitsa mtima. Komanso musatiuze ngati chikondi chenicheni kunalibe, anthu ndi anthu kulikonse.

Mphunzitsi Wopuma:
Mai a Mapasa apa ndili mbali yanu, chinalipo ndipo mbiri ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1860 ku Kyoto kunali chipwirikiti, ankhondo otchedwa asamurai ofuna kugwetsa boma la shogun, mtsogoleri wa asilikali wolamulira dziko, akusakidwa m'misewu. Mmodzi mwa atsogoleri awo, Kido Takayoshi, amene nthawiyo amadziwika kuti Katsura Kogoro, anali ndi bwenzi lake geisha dzina lake Ikumatsu. Mkaziyu anamubisa ndi kumuthandiza kuthawa adani, moyo wake womwe uli pachiswe, ndipo boma litasintha mu 1868 anakwatirana. Ito Hirobumi amene anakhala nduna yaikulu yoyamba ya Japan mu 1885, mkazi wake Umeko anali geisha wa ku Shimonoseki. Kotero wolemba akalemba za geisha wokonda mpaka kuika moyo pangozi sakunama. Vuto langa ndi pomwe bukulo likupangitsa owerenga kuganiza kuti mtsikana aliyense wogulitsidwa amadikira bwana wake wabwino ndipo akapirira amupeza. Ambiri sanamupeze. Ndipo ukakwatiwa ntchito yathera pomwepo, nde ambiri amakhala osakwatiwa, kubereka ana a danna amene sakanawatchula dzina lake pagulu, mkazi wa kunyumba akudziwa koma ali chete.

NaJere:
Mkazi wa kunyumba ameneyo ndiye palibe amamulembera buku. Iye akulera ana mwamuna akuthira ndalama pa kimono za wina. Kumenekonso nkuperekedwa.

Chemwali wa Kunyanja:
Zoona zake amama. Maukwati ambiri a anthu olemera nthawi imeneyo amakonza ndi makolo, nde mkaziyo naye sanasankhe. Onse awiri omangidwa, mwamuna yekha ndi amene akuyenda uku ndi uku momasuka.

Kalulu wa Mabuku:
Koma chiwembu chachikulu pa nkhani yonseyi chinachitika kunja kwa buku, kaya mukudziwa. Golden polemba anakacheza ndi Mineko Iwasaki amene anali geisha wotchuka kwambiri ku Gion m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndipo anasiya ntchito ali ndi zaka 29. Mayiyu akuti anagwirizana kuti dzina lake lisatchulidwe, koma buku litatuluka dzina lake linali pa tsamba lothokoza, dziko lonse likuwerenga. Dera lija lamulo lake lalikulu ndi kusunga chinsinsi, zomwe wamva pa phwando zimathera pomwepo, nde anzake akale anamuona ngati woulula za m'nyumba, ena kusiya kumulankhula, ndipo iye ananena kuti analandira ziopsezo. Anakamang'ala kukhoti mu 2001, nkhani anaithetsera kunja kwa khoti mu 2003. Pakati pomwepo anatulutsa buku la moyo wake mu 2002 kuti anene yekha mbali yake. Nde mayi Nachisale onjezani pa funso lanu lija, buku lodzaza ndi akazi operekana, koma mkazi weniweni amene anadandaula kuti waperekedwa analoza mwamuna wolembayo.

Nachisale:
Eee abale izi nde sindimazidziwa. Chinamupweteka kwambiri nchiyani, dzina lokhalo?

Kalulu wa Mabuku:
Dzina komanso nkhani ya mizuage. M'buku muja unamwali wa mtsikana umagulitsidwa kwa wopereka ndalama zambiri, nde anthu anayamba kuganiza kuti ndi zomwe zinamuchitikira iyeyo. Iye anakanitsitsa kuti ku Gion m'nthawi yake kunalibe zimenezo.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndipo pa nthawi yake ndi malo ake ine ndikumukhulupirira, anayamba ntchito lamulo loletsa uhule la 1956 litakhazikika kale, komanso iye anali wosankhidwa kudzalowa nyumba, mwana wapamtima. Koma musayime pa iye yekha. Pali Sayo Masuda amene anabadwa mu 1925, ali wamng'ono anatumizidwa kukalera ana a eni, ali ndi zaka 12 anagulitsidwa ku nyumba ya mageisha ku Suwa m'chigawo cha Nagano, kwa akasupe otentha. Sukulu sanapiteko, kulemba anaphunzira atakula, ndipo buku la moyo wake linatuluka mu 1957. Iye analemba poyera za kumenyedwa, za njala, za anzake odwala osasamalidwa, komanso kuti thupi lake linagulitsidwadi ndi eni nyumba. Amayi awiriwa onse akunena zomwe anaona ndi maso awo. Wolemba nkhani yopeka akatenga ulemerero wa ku Gion nkuusakaniza ndi misozi ya ku Suwa amapeza buku lokoma, koma onse awiri amakhala awanamizira penapake. Kumbukiraninso kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kumpoto kwa Japan, ku Tohoku, mbewu zinakanika, alimi ali mu ngongole, ndipo ana aakazi ambiri anagulitsidwa nthawi imeneyo. Woyamba kumupereka mwana uja amakhala bambo ake omubala, mwina akulira, koma ndalama analandira.

Mai a Mapasa:
Mwandiliza aphunzitsi. Zaka 12 ndi msinkhu wa anga awiriwa. Boma linali kuti?

Mphunzitsi Wopuma:
Boma linayesapo kale mu 1872. Sitima ya ku Peru yotchedwa Maria Luz inaima ku Yokohama itanyamula anthu aku China ngati akapolo, Japan inawamasula, nde pa mlanduwo a mbali inayo anati inu mukutiweruza bwanji pomwe kwanu kuno mumagulitsa atsikana. Manyazi amenewo anabala lamulo lomasula mageisha ndi akazi a m'nyumba za uhule, ngongole zawo nkuthetsedwa. Koma womasulidwayo apite kuti, kumudzi komwe anamugulitsa chifukwa cha njala? Ambiri anabwerera, eni nyumba anangosintha mapepala kuti zioneke ngati mtsikana wabwereka yekha ndalama mwa kufuna kwake, zinthu nkupitirira.

NaJere:
Nanga nkhondo ija inawathera bwanji? Mu filimu ndinangoona akuchapa nsalu mumtsinje.

Chemwali wa Kunyanja:
Mu 1944 boma linatseka madera onse a mageisha, ambiri anatumizidwa ku mafakitale a zida za nkhondo, manja ozolowera nsambo za shamisen akugwira zitsulo. Anatsegulanso nkhondo itatha koma ambiri sanabwerere. Mwayi wa Kyoto unali woti sinaphulitsidwe ngati Tokyo, nchifukwa chake Gion, Pontocho, Miyagawacho ndi Kamishichiken zilipobe ndi nyumba zake zamatabwa, ndipo gule wamkulu wa ku Gion wa mu April, Miyako Odori, amene anayamba mu 1872 akuvinidwabe. Atsikana a lero amalowa okha akamaliza sukulu yokakamiza ali ndi zaka 15 kapena kuposa, akafuna kusiya amasiya.

Nachisale:
Komabe ine pali chinthu chimodzi ndikufuna olemba azichipatsa malo, ubale wa mkulu ndi mng'ono uja. Ndinawerenga kuti mtsikana akamayamba ntchito amamupatsa geisha wamkulu kuti akhale mkulu wake, amamwetsana sake pa mwambo, timakapu titatu kalikonse kumwera katatu, ndipo wamng'onoyo amatenga chidutswa cha dzina la mkuluyo. Mkuluyo ndi amene amamuyendetsa khomo ndi khomo kumudziwitsa kwa eni nyumba za tiyi, akalakwitsa wopepesa ndi mkuluyo. Dera lonse la mageisha limayendetsedwa ndi akazi, mwana wamkazi akabadwa kumakhala chisangalalo. Nde mwa akazi onsewo palibe awiri amene anakondana ngati abale mpaka kukalamba, kusungirana ndalama, kubisirana chibwenzi, kulererana ana? Bwanji nkhani yake ikhale ya kudyana yokha?

Kalulu wa Mabuku:
Mwa Masuda muli zimenezo asisi, amakamba za mnzake wamkulu wa m'nyumba momwemo amene anamukomera mtima, ndipo ndi malo ochepa m'buku lonse omwe munthu umapumako.

Mai a Mapasa:
Chabwino mwandigonjetsa pa ichi chokha, ndiwerenga la Masuda, koma la chikondi lija sindikutaya ayi, ndimalikondabe ndipo Chairman wanga, bwana amene Sayuri amamukonda uja, musamunyoze.

Chemwali wa Kunyanja:
Sitikumunyoza amama, koma mukamawerenganso muonetsetse kuti pomwe anakumana koyamba m'mphepete mwa kamtsinje muja iye anali bambo wamkulu ndipo winayo anali mwana wolira amene anangopatsidwa kampango ndi kandalama. Mtsikana uja anamanga moyo wake onse pa chifundo cha mphindi zochepa chifukwa panalibe wina anamuchitirapo chifundo. Ine pamenepo ndimamva chisoni kuposa kukoma.

Mai a Mapasa:
Ndiona ndikafikanso pamenepo. Amene ali ndi la Masuda andibwereke chonde, ndimasamala mabuku a eni ndipo ndibweza mwezi usanathe.

Kalulu wa Mabuku:
Langa lili kwa mlamu wanga, ndikalitenga Loweruka ndikuuzani. La Kafu ndili nalo pompano ngati mayi Nachisale mukulifuna, ndi lalifupi, masiku ochepa mwamaliza.